Kompyuta ya aphunzitsi imene sinamve za maliro

Ana anga, mwakhala mukundifunsa kuti pa zinthu zonse zimene ndinakonza m'moyo wanga, chimene chinandivuta kwambiri ndi chiti. Ndikudziwa kuti mumayembekezera kuti nditchula jenereta ya kuchipatala, poti ndiyo inandidya chala. Si imeneyo ayi. Chimene chinandisowetsa mtendere ndi kompyuta ina imene tsiku limenelo inalibe vuto lililonse. Inkagwira ntchito yake mokhulupirika kwambiri, moti ndinachita kuithimitsa ndi mphasa. Koma kuti mumvetse, ndiyambire kwa munthu amene anandiphunzitsa ntchito.

1979, Mtakataka

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pakhonde la sitolo ina pa Mtakataka, kwa a Sulemani, fundi wa mawailesi. Sukulu inali itandikana, ndipo agogo anu anati munthu wokonda kumasula zinthu ngati ine ndi bwino akazimasulire kwa eni ntchito kusiyana ndi kumaliza wailesi ya panyumba. A Sulemani anali munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, wokonda tiyi wa shuga wambiri. Mwezi woyamba wonse sanandilole kugwira chida. Ntchito yanga inali kupukuta fumbi, kukoleza makala otenthetsera chitsulo chowotcherera, ndi kumvetsera. Munthu akabwera ndi wailesi, iwo sankafulumira kuitsegula. Ankayamba afunsa mwini wake kuti imakhala pati, anaiyatsa komaliza ndani, inayamba liti kudwala. Asodzi ankabwera ndi mawailesi onunkha usipa, m'kati muli dzimbiri lokhalokha, n'kumalumbira kuti sinagwerepo m'madzi. A Sulemani ankangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Chabwino, bwana. Ndiye kuti nyanja ndi imene inagwera pa wailesi."

Tsiku lina anandipeza ndikukalipira wailesi ya kaseti imene inkazima yokha nyimbo ili pakati. Ndinali nditaimasula kawiri osapeza kanthu. Iwo anaika kapu pansi n'kundiuza kuti, "Mwana iwe, makina sachita mwano. Amachita zimene anauzidwa, basi. Ukaona akuchita zopusa, funafuna amene anawauza." Kenako anandionetsa kabatani kam'mbali kamene mwini wake anakakankha osadziwa, kouza wailesi kuti izizima yokha munthu akagona. Ndinachita manyazi, koma mawu amenewo anandidyetsa zaka zonse za ntchito yanga.

1986 mpaka 2008, Mua

A Sulemani atadwala maso n'kusiya ntchito, ine ndinalembedwa yosamalira zamagetsi pachipatala. Ndinagwira pansi pa mabwana anayi, ndipo aliyense anali ndi matenda ake. Woyamba ankawerenga misomali. Wachiwiri ankakhulupirira kuti chilichonse chimachira ndi girisi. Wachitatu sindinenapo kanthu, anachoka msanga ndipo tonse tinapumira m'mwamba. Wachinayi, mayi wina wodekha, ndiye anabweretsa makompyuta mu ofesi n'kunditumiza ku Lilongwe kukaphunzira kakonzedwe kake ndili kale ndi imvi. M'kalasimo ndinali ndi ana a msinkhu wanu. Iwo zala zinkathamanga, ine ndikusaka chilembo chimodzichimodzi ngati nkhuku yotola mapira. Ankandiseka, koma ikafika nthawi yotsegula bokosi n'kuona chimene chapsa, onse ankabwera kudzaima kumbuyo kwanga.

Zaka zambiri zinali za kusowa. Fyuzi ikapsa tinkasenda waya n'kutengamo kaulusi kamodzi. Chinthu chikafa sitinkataya. Tinkachiika m'chipinda china chimene tinkachitcha kumanda, ndipo kumandako n'kumene tinkakafukula zida zoukitsira zinzake. Mpaka lero amayi anu amadandaula kuti sinditaya ngakhale pulagi yosweka, ndipo sakunama.

M'zaka zimenezo ndi pamene ndinazolowerana ndi a Fabiano, mphunzitsi wa pulayimale amenenso ankatsogolera kwaya ya kutchalitchi kwathu. Ankakonda kundibweretsera chokuzira mawu cha kwaya chitapsa Loweruka madzulo, Misa ili m'mawa mwake. Anali munthu wamtali, wamapewa otambalala, wosamwetulira wamba, wosunga nthawi mochita kutopetsa anzake. Kulikonse ankapita panjinga, mayi a kunyumba kwawo, a Nabanda, atakhala pa kaliyala. Dzina loti a Mawaya limene anthu amanditchula mpaka lero anandipatsa ndi iwowo.

2010

Nditapuma ntchito ndinatsegula kashopu pa Mtakataka, pafupi ndi pomwe panali khonde la a Sulemani. Tsiku lina a Fabiano, nawonso atapuma pauphunzitsi, anandiitanitsa kunyumba kwawo, kumudzi wina kumunsi kwa Mua kumene waya wa magetsi unali usanafike. Dokotala wina wa ku Jeremani amene ankaimba nawo kwaya anali atawasiyira kompyuta pobwerera kwawo. Sinali kompyuta ya mu ofesi. Linali bokosi lakuda lokhala ndi limoti, kumbuyo kuli polowetsa waya wa eriyo, ndipo ntchito yake inali kuonetsa TV ndi kujambula mapulogalamu. Ukaiuza kuti izijambula nkhani zamadzulo tsiku lililonse, inkagona, nthawi ikakwana n'kudzuka yokha, kujambula, n'kugonanso. Kwa a Fabiano, amene nthawi ya nkhani inkawapeza akuphunzitsa kwaya, chimenechi chinali chuma chenicheni. Anagula sola, batire lalikulu ndi inveta yosandutsa moto wa batire kukhala magetsi a m'nyumba. Sola tinaimanga padenga, eriyo tinaikweza pansungwi yaitali, ndipo batire ndi inveta tinaziika m'chipinda chawo chowerengeramo, pamodzi ndi kompyutayo.

Titaiyatsa tinapeza kuti zolemba zake zonse zili m'Chijeremani. A Fabiano anavala magalasi, kuyang'anitsitsa, kenako n'kuwavula. "A Mawaya, Chilatini cha Misa ndimachitha, koma ichi n'cha anthu ena." Tinayamba kuyendera zithunzi ndi kuloweza malo, kuti batani lachitatu kuchokera pamwamba ndilo lojambula. Chithunzi cha TV chinabwera, koma mawu ayi. Owerenga nkhani ankangotsegula pakamwa ngati chambo m'bwato. Ndinasintha mawaya, ndinayesa masipika ena, osaphula kanthu. Kenako ndinakumbukira a Sulemani: makinawa anauzidwa chiyani, ndipo anawauza ndani? Anauzidwa kuti ali ku Jeremani, ndiye ankafunafuna mawu pamalo pomwe mawu a kumeneko amakhala. Ndinapeza pomwe pali mayina a mayiko. Dziko lathu panalibe, ndiye ndinayamba kuyesa limodzilimodzi mpaka mawu anatuluka nditasankha South Africa. A Fabiano anati zilibe kanthu, kompyutayo izidziona ngati ili ku Joni malinga izilankhula.

Patapita miyezi ingapo ananditumizira uthenga kuti bokosi lapenga. M'malo mwa nkhani linkajambula pulogalamu ya amayi ophika, ndipo tsiku lina linajambula mizere yokhayokha ya pamene TV yatseka. Nditayang'ana wotchi yake ndinapeza kuti ili zaka zingapo m'mbuyo. M'kati mwa kompyuta mumakhala kabatire kakang'ono ngati ndalama yachitsulo, kosunga nthawi magetsi akazima. Kameneko kanali katatha, ndiye mitambo ikachuluka n'kufooketsa batire lalikulu, kompyuta inkadzuka isakudziwa tsiku. Kabatire katsopano ndinakakapeza kwa wokonza mawotchi ku Salima.

Vuto lachitatu linabwera ndi dzuwa la Okutobala. Kompyuta inkayamba kujambula bwinobwino kenako n'kuzima pakati. Nditalowa m'chipindamo sindinaione n'komwe. A Nabanda anali ataivundikira ndi nsalu yopeta maluwa yofika mpaka pansi, pamwamba ataikapo kabotolo ka maluwa apulasitiki. Nditachotsa nsaluyo bokosi linali lotentha ngati chiwaya. M'kati ndinapezamo nalimata wouma atakola fani, ndipo mavu anali atamanga nyumba yawo yadothi m'kachipangizo kolembera madisiki, moti kameneko kanafa mpaka kalekale. Ndinawafotokozera mayiwo kuti makinawa amapuma ngati munthu, nsalu ichoke.

"Ndiye chikhale chamaliseche pamaso pa alendo?" anandifunsa.

"Mayi, chovala chake ndi chitsulochi."

"Chitsulo si chovala, a Mawaya."

Tinamvana kuti kansalu kakang'ono kazikhala pamwamba pokha, m'mbali muzipita mpweya. Maluwa anakana kuwachotsa, ndipo ndinaona kuti pamenepo sindipambana.

Panali khalidwe lina la kompyutayo limene silinali vuto, koma muligwire bwino chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Disiki yam'kati yosungira zojambula ikadzaza, siinkasiya kujambula. Inkafufuta yokha chinthu chakale kwambiri kuti ipeze malo a chatsopano. Tinazindikira zimenezi pamene zojambula zathu zoyambirira zinasowa. A Fabiano anapeza njira yawo. Loweruka lililonse m'mawa ankakhala pansi ndi limoti n'kufufuta nkhani ndi mpira zimene aonera kale, kuti disiki isadzaze. Ankati akusesa.

2011

Chaka chimenecho kwaya yathu inaitanidwa kukaimba mumzinda, ndipo anthu a TV anaijambula. Tsiku loionetsa, Lamulungu masana, kompyuta inadzuka panthawi yake n'kujambula zonse. Mudzi wonse unabwera kudzaonera, ena pawindo. Wojambula uja anakonda kwambiri nkhope za oimba, ndiye a Fabiano, poti wotsogolera kwaya amafulatira anthu, ankangooneka msana ndi manja. Koma nyimbo yomaliza itatha anatembenuka, kuwerama, n'kumwetulira mano onse pamtunda. Anthu anakuwa. A Nabanda anati chikwatiraneni anali asanaonepo mano amenewo pagulu, ndipo ankauza aliyense wobwera kuti adikire aone pothera.

Ine ndinawauza a Fabiano kuti chinthu chotere sichisungidwa malo amodzi. Cholembera madisiki mavu anali atapha, ndipo fulashi yanga inali yaing'ono, sichikanakwanamo. Ndinkadziwa kuti penapake m'Chijeremani chija payenera kukhala pouza makina kuti ichi chokha asafufute. Ndinafunafuna osapapeza, ndipo ndinaopa kudina mawu amene sindikuwamva pa chinthu chimene chilipo chimodzi chokha. Ndinati agule fulashi yaikulu tikoperemo.

"Ndidzagula ndikapita ku Lilongwe," anatero.

"Aphunzitsi, zengerezu adalinda kwawukwawu."

"Mwambi umenewo ndinkaphunzitsa ana inu musanamete ndevu. Malinga ndikusesa Loweruka, sichipita kulikonse."

Ndinawakumbutsa kangapo, iwo n'kumayankha chimodzimodzi. Kenako tonse tinazolowera.

2013

A Fabiano anayamba kudwala m'nyengo ya Lenti, anagonekedwa m'chipatala milungu ingapo, n'kumwalira Pasaka itangodutsa. Ndinataya mnzanga, ndipo masiku amenewo za kompyuta sizinandibwerere m'mutu n'komwe.

Mng'ono wawo, a Gervazio, mlimi wa mpunga ku Bwanje, ndiye anayendetsa mwambo wa maliro kumbali ya abale. Titaika maliro anasonkhanitsa zovala, mabuku ndi njinga ya malemu m'chipinda chowerengeramo chija, n'kukhomapo loko anthu onse akuona. Analonjeza kuti chitsekocho sichitsegulidwa mpaka abale onse adzakumanenso akakolola mpunga, tsiku logawa katundu. Musawaone ngati munthu wankhanza. Pamaliro a bambo awo makina osokera anasowa tsiku logawa lisanafike, ndipo alongo awo awiri anafika pomwalira asakulankhulana. A Gervazio sankafuna zimenezo zibwerezedwe, ndipo a Nabanda nawonso anagwirizana nazo.

Patapita sabata ndinapita kukawaona mayiwo. Tinakhala pakhonde dzuwa litapendeka, tikucheza za mvula imene inasiya msanga. Kenako ndinamva kaphokoso kuseri kwa windo lotseka, kulira kwa fani kumene ndikanakuzindikira ngakhale pakati pa msika.

"Musadabwe," a Nabanda anatero. "Aphunzitsi akumvera nkhani zawo. Nthawi ino tsiku lililonse amadzuka. Ena akuopa, koma ine zimandisangalatsa. Nyumba imakhala ngati muli munthu."

Dzuwa linali likudyetsa batire tsiku ndi tsiku, ndipo kompyuta sinamve za maliro. Inkachitabe zimene mwini wake anaiuza: nkhani madzulo alionse, mpira Loweruka, mapemphero Lamulungu. Chigonekedwereni aphunzitsi m'chipatala palibe amene anasesa. Disiki inali itadzaza kapena ili pafupi, ndipo chinthu chakale kwambiri m'menemo chinali kwaya ija. Ndinalimba mtima n'kuwauza mayiwo zonse.

Anandifunsa kuti, "Ndiye kuti chafufuta kale?"

"Sindikudziwa, mayi. Mwina chafufuta, mwina sichinafike. Ngakhale chitafufuta, pamakhala zotsalira. Koma madzulo alionse chikujambula pamwamba pa zotsalirazo."

"Ndilibe china chimene akuoneka akuyenda," anatero. "Zithunzi zilipo, koma zonse anakwinya nkhope."

M'mawa mwake ndinakwera minibasi mpaka pa Golomoti, n'kutenga kabaza kulowera ku Bwanje. A Gervazio ndinawapeza m'munda akuingitsa mbalame mumpunga. Tinakhala pamzere wa dothi, ndipo anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"A Mawaya, ndakumvani, ndipo sindikukukayikirani," anatero. "Koma ndikatsegula chitseko chija abale kulibe, ngakhale mungolowa n'kudina batani limodzi, tsiku logawa wina adzati munali wailesi ina, wina adzati munali ndalama m'buku. Adzanamizira alamu anga. Inu mudzakhala muli kushopu kwanu."

"Nanga nditakwera padenga n'kumasula waya wa sola?"

"Ameneyonso ndi katundu wa malemu. Sipanala isakhudze chilichonse."

Ndinali nditaganizirapo zotembenuza nsungwi ya eriyo kuti TV isamagwire, koma zimenezo zikanaipitsa zinthu. Makina amtundu umenewo akasowa chithunzi amajambulabe timadontho toyera tija, ndipo timadonthoto timadya malo kuposa chithunzi chenicheni. Mbalame zinkadya mpunga wa eni ake. Kenako ndinafunsa kuti, "Nanga wina atayanika mphasa padenga, n'kuiiwala komweko?"

A Gervazio anandiyang'ana, kenako anayang'ana kumwamba. "Ine ndinakhoma chitseko. Dzuwa sindinakhome. Mphasa ndi za alamu anga, ayanika pomwe afuna." Anadzuka n'kuponya chibuma kwa mbalame. "Koma chinthu chikawonongeka, dzina lodzatchulidwa pabwalo ndi lanu."

Ulendo wonse wobwerera ndinkalimbana nazo. Kuphimba sola kunali kupha batire ndi njala. Batire likafooka inveta imadula magetsi mwadzidzidzi, ndipo ikadula kompyuta ili pakati pa kujambula, disiki ikhoza kuwonongeka yonse, kwaya ndi zonse. Batire nalonso likakhala lopanda moto miyezi iwiri silidzukanso. Ndikanangokhala osachita kanthu, palibe akanandiloza chala, koma kwaya ikanapita ndithu. Ndikaphimba, mwina ipulumuka, mwina ndiipha ndi manja anga, ndipo munthu amene moyo wake wonse wadya chifukwa chokonza zinthu adzatchuka kuti anawononga katundu wa malemu. Walira mvula walira matope. Zoona zake, ndinkachita mantha.

Nditafika ndinawauza a Nabanda mbali zonse ziwiri, osabisa kanthu. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mphasa ziwiri zimene anthu anakhalira pamaliro, ndi chingwe cha linya.

Ndinakwera padenga masana dzuwa lili paliwombo, dala, kuti aliyense aone kuti m'manja mwanga mulibe chida. Malata ankawotcha mawondo. Anthu oyandikana nawo anatuluka kudzaonerera, ndipo bambo wina anafunsa ngati a Mawaya ayamba ganyu yoyanika mphasa. Ndinati inde, ntchito yasowa. Ndinayala mphasa zija pamwamba pa sola, kuzimanga kuti mwera usaziulutse, n'kutsika.

Patapita masiku angapo ndinabwereranso. A Nabanda anati inveta inalira kanthawi ngati kamwana ka mbuzi, kenako inasiya. "Dzulo nthawi ya nkhani ndinakhala pano kudikira. Kunali zii. Ndiye ndinalira, a Mawaya, kuposa tsiku loika. Dzulo ndi pamene amwalira." Pa zonse zimene ndinaziganizira m'minibasi muja, sindinaganize kuti ndikuwalanda kaphokoso kamene kankawasunga, posinthanitsa ndi chinthu chimene mwina kulibe. Zinandiwawa kwambiri, ndipo miyezi iwiri imeneyo inali yaitali.

Mpunga utakololedwa abale anasonkhana, ndipo a Gervazio anatsegula loko pamaso pa onse. Palibe chimene chinasowa, ndipo palibe amene anakangana ndi a Nabanda. Batire linali litafa monga ndinkaopera. Mphwawo wa malemu amene anapatsidwa zinthu za sola anadandaula pabwalo, dzina langa linatchulidwa monga a Gervazio ananenera, ndipo ine ndinaimirira n'kuvomera kuti ndine. Ndinamupatsa batire langa la kushopu. Kenako ndinapempha kuti kompyuta isayatsidwe ndi wina aliyense ndisanaione. A Gervazio anainyamula okha pamiyendo m'minibasi mpaka pa Mtakataka.

Sindinailole kuti idzuke yokha, kuopa kuti ingayambenso kumvera mwini wake. Ndinachotsa disiki n'kuilumikiza ku kompyuta yanga ya kushopu. Inazungulira bwinobwino, ndipo mtima unakhala pansi pang'ono. Koma nditayang'ana zimene zinalimo, nkhani zinalimo, mpira unalimo, kwaya munalibe. A Gervazio anavula chipewa.

Ndinawafotokozera kuti kompyuta ikafufuta chinthu imakhala ngati yangozula chikhomo cha malire a munda. Mbewu zimakhalamobe mpaka wina adzalimepo. Funso linali lakuti palimidwa pochuluka bwanji. Ndinayatsa pulogalamu yofukula zofufutidwa, ndipo inayenda maola ambiri. Inatulutsa zidutswa zambiri zopanda mayina, ndipo ndinayamba kutsegula chimodzichimodzi. China chinali zanyengo, china theka la mpira, china mlaliki ali pakati pa ulaliki, zambiri zosatseguka n'komwe. A Gervazio anapita kukamwa tiyi, kubwerako, kupitanso. Ndinkadziuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzuwa litatsala pang'ono kulowa, ndinatsegula chidutswa china, ndipo m'shopu monse munadzaza mawu a kwaya yathu.

Tsiku lotsatira a Nabanda anabwera ndi a Gervazio. Ndinawapatsa mpando, kutseka chitseko kuti kuwala kusasokoneze, n'kuyatsa. Chiyambi chonse chinali chitapita. Chidutswacho chinkayambira pakati pa nyimbo yomaliza, ndipo mwa apo ndi apo chithunzi chinkasweka timabokositimabokosi n'kubwereranso. Koma mawu anali abwino. Aphunzitsi anali pomwepo, atatifulatira, jekete lawo lakuda litathina m'mapewa, manja akukwera ndi kutsika. Nyimbo inafika kumapeto, manja anatseka, phewa lakumanja linayamba kutembenuka. Pomwepo chithunzi chinadumpha, n'kubwera anyamata akuthamangitsa mpira.

"Pepani, mayi," ndinatero. "Nkhope ija yapita. Ndinachedwa."

Sanandiyang'ane. Anati ndibwezerenso, ndipo ndinabweza. Anasendeza mpando kufupi, n'kuonera mpaka pomwe mpira ukuyambira. Anati ndibwezenso kachitatu. Kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Mukupepesa chiyani, a Mawaya? Nkhope ndili nayo pakhoma. Ine moyo wanga wonse ndakhala pa kaliyala, kupita ku Misa, kupita kuchipatala, kupita kumsika. Chimene ndinkaona ndi chimenechi. Taonani phewa ilo, lakumanzere limatsika akatopa." Analoza ndi chala, osakhudza galasi. "Amuna anga ndi amenewa."

Chidutswacho ndinachikopera malo atatu tsiku lomwelo. A Nabanda ali nacho pafoni mpaka lero, ndipo mdzukulu wawo atafuna kudula mpira wa kumapeto uja, anamukaniza. Akuti aphunzitsi ankaukonda.